Mlandu Suwola

M'mudzi wina kufupi ndi Zomba mudali nkhalamba ina imene idamenyako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mkuluyu adali msilikali wa King's African Rifles, ndipo mu 1944 adakamenya nkhondo m'nkhalango za ku Burma. Atate ake nawonso adali mtengatenga pa nkhondo yoyamba ija ya 1914 mpaka 1918, ndipo adasenza katundu wa asilikali mpaka mapazi kung'aluka. Chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala, mkuluyu ankavala mendulo zake n'kupita ku chipilala cha asilikali ku Zomba. Pobwerako ankangokhala pakhonde ali duu, mpaka tsiku lina mdzukulu wake wa Fomu 4 adamufunsa chimene chinkamudya mumtima.

"Mdzukulu wanga," idatero nkhalambayo, "atate anga adauzidwa kuti nkhondo yatha ndipo sidzabweranso. Nanga ine idandipeza bwanji? Iwe ndiye wapita kusukulu, tandiuza."

"Agogo," adayankha mnyamatayo, "nkhondo yanuyo idafesedwa tsiku lomwe akuluakulu ankasayina za mtendere."

Mnyamatayo sadaname. Mfuti zidaleka kulira ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, ndipo chaka chotsatira atsogoleri a mayiko opambana adakumana mumzinda wa Paris kuti aweruze mlandu. Amene adali ndi mawu kwambiri pabwalopo adali Georges Clemenceau wa ku France, David Lloyd George wa ku Britain ndi Woodrow Wilson wa ku America. Ajeremani, eni mlandu, sadaloledwe kukhala nawo pa zokambiranazo. Adangopatsidwa chikalata cholembalemba kale, ndipo pa 28 Juni 1919 adachisayina m'nyumba yachifumu ya ku Versailles.

Chigamulo chake chidali chowawa. Ndime 231 ya panganolo idasenzetsa Germany ndi mayiko oigwirizana nayo mlandu wa zonse zimene nkhondo idaononga, ndipo mu 1921 chipepeso chidaikidwa pa mabiliyoni 132 m'ndalama yawo ya golide. Asilikali awo adachepetsedwa kufika pa 100,000. Mayiko amene ankawalamulira mu Africa adalandidwa: Tanganyika adapita m'manja mwa Angerezi, Rwanda ndi Burundi m'manja mwa Belgium, pamene dziko limene lero ndi Namibia lidaperekedwa kwa South Africa.

Koma chimene chidasiya chilonda chachikulu ndi malire a ku Ulaya komweko. Chigawo cha Alsace-Lorraine chidabwerera kwa France. Dziko la Poland, limene anansi ake adaligawana mpaka kulifafaniza mu 1795, lidadzukanso, ndipo pofuna kuti likhale ndi njira ya kunyanja, lidapatsidwa mpata umene udadula Germany pawiri, chigawo cha East Prussia n'kutsala pachokha. Mzinda wa Danzig, momwe anthu ambiri adali Ajeremani, udaikidwa m'manja mwa bungwe la League of Nations. Nalonso dziko latsopano la Czechoslovakia lidatengera mkati mwake anthu olankhula Chijeremani pafupifupi mamiliyoni atatu.

Kunena zoona, oweruza aja sadachite izi chifukwa cha nkhanza yokha ayi. Anthu a ku Poland adali ndi ufulu wokhala ndi dziko lawolawo, ndipo Afalansa adali ataika m'manda ana awo oposa miliyoni imodzi. Vuto lidali lakuti mitundu ya anthu kumeneko idakhala mosakanizika ngati nyemba ndi chimanga m'munda umodzi, kotero kuti paliponse pamene mzere ukadadutsa, wina akadatsala kutsidya kwa eni ake. Pamwamba pa izo, wogonja sadamvedwe. Kumudzi, mfumu yanzeru ikamaweruza za malire a minda imaitana mbali zonse ziwiri, n'kuyenda nazo m'mundamo isadabzale khonje. Ikabzala mwini munda wina kulibe, khonjeyo amazulidwa usiku.

Ndi mmene zidakhaliradi. Mu 1923 Germany italephera kulipira, asilikali a France ndi Belgium adalowa m'dera la mafakitale la Ruhr, ndipo ndalama ya Ajeremani idasanduka mapepala wamba. Mavuto a zachuma oyamba mu 1929 atachotsa anthu miyandamiyanda pantchito, Adolf Hitler adapeza nkhuni zouma zokolezera moto wake. Ankauza anthu kuti masautso awo onse adachokera ku Versailles, kwinaku akunamizira Ayuda. Mu 1933 adatenga boma. Mu 1936 adalowetsa asilikali ku Rhineland kumene pangano lidaletsa. Mu 1938 adameza Austria ndi chigawo cha Sudetenland cha Czechoslovakia. Kenaka adayamba kulirira Danzig, ndipo pa 1 Seputembala 1939 adathira nkhondo Poland. Patapita masiku awiri, Britain ndi France adalowa nkhondo, ndipo posakhalitsa lipenga lidalira m'midzi ya Nyasaland kuitana anyamata.

Pangano la Versailles silimchotsera Hitler mlandu wa zoopsa zimene adachita, pakuti iye adasankha yekha njira ya magazi. Komabe panganolo lidamupatsa dandaulo limene anthu ake adali okonzeka kulimvera. Phunziroli ena adaligwira nkhondo yachiwiri itatha mu 1945. Kuyambira mu 1948 America idathandiza kumanganso mayiko a kumadzulo kwa Ulaya, kuphatikizapo dera la kuzambwe la Germany, ndipo mu 1951 France ndi West Germany adagwirizana kuyendetsera limodzi malonda a malasha ndi chitsulo pamodzi ndi mayiko ena anayi. Chiyambire pamenepo, adani akale awiriwa sadalozanenso mfuti.

Nkhalamba ija itamva zonsezi idakhala chete kanthawi, ikusisita mendulo zake. Mzinda wa Danzig sidauonepo, ngakhale dzina lake lidali lachilendo m'makutu mwake, koma anzake ena amene idachoka nawo ku Zomba adatsala m'nthaka ya ku Burma. Potsiriza idapukusa mutu niti, "Akuluakulu adati mlandu suwola. Ukadzakula mdzukulu wanga, anthu akadzakuika pabwalo, usadzaweruze munthu iye kulibe."