Khoko la Mkuwa

Pakhonde la kanyumba kena ku Banket, m'mbali mwa msewu wochoka ku Harare kupita ku Chinhoyi, pamakhala mkulu wina wa ku Dedza amene amasungira fodya wake wonunkhiza m'khoko la chipolopolo. Khokolo ndi lamkuwa, lotalika ngati chala, ndipo kunsi kwake adadindako nambala yoti .458. Adzukulu ake, amene Chishona chidawalowa kuposa Chichewa, amaliyesa choseweretsa.

Mkuluyu adafika m'dzikoli mu 1958, kudzera ku Tete, cholinga chili choti apeze njinga ndi bulangeti n'kubwerera kwawo. M'malo mwake adasanduka mtchona. Adayamba ndi kusankha fodya papulazi, ndipo mwini pulaziyo, ataona kudekha kwa manja ake, adamuitanira m'kachipinda momwe ankasungiramo mfuti yosakira njati.

Mfuti za .458 Winchester Magnum zidatuluka ku America mu 1956, ndipo alimi ankazikonda poti zinali zotsika mtengo poyerekeza ndi za mipope iwiri zosulidwa ku London. Koma boma la Ian Smith litadzipatsa lokha ufulu mu 1965, mayiko adalimana malonda, zipolopolo n'kuyamba kusowa. Khoko lililonse logwa pansi linkatoledwa kuti lidzazidwenso.

Ntchito imeneyi idagwera iyeyu. Ankatsuka khokolo, kulifinya m'chitsulo kuti libwerere mumsinkhu wake, kugulula fataki yopsa n'kuikamo yatsopano. Kenaka ankayeza wonga pakasikelo asanatsekepo ndi mutu wolemera magalamu 32. Mawu oti fataki ndi wonga adawamva koyamba kwa agogo ake, amene ankathira wonga mumfuti ya gogodela pongoyerekeza ndi chikhatho. Kuno kuyerekeza kunali kuseweretsa moyo. Khoko la .458 ndi lalifupi, motero wonga umakhalamo mopanikizika. Zipolopolo zina za kufakitale zikakhalitsa motentha, wongawo unkagwirana ngati mchere wanyontho, chipolopolo n'kutuluka chofooka. Wonga ukachepa njati siigwa. Ukachuluka khoko limakanirira mumfuti, mlenje n'kulephera kuombanso kachiwiri.

Chomwe chinkamudetsa nkhawa sichinali bwana ayi. Wolondola mapazi a njati m'chigwa cha Zambezi, woyenda patsogolo wopanda chida m'manja, anali mlongo wa mkazi wake. Galimoto isananyamuke, iye ankasuzumira pakhomo pa kachipinda kaja.

"Alamu, mwayeza bwino?"

"Pitani, alamu. Mubwerako."

Ulendo uliwonse mkuluyu sankaona tulo, ankangobwereza m'mutu zipolopolo zija chimodzichimodzi mpaka tsiku lomva galimoto ikulowa pachipata.

Mu 2000 mapulazi a azungu adayamba kulandidwa, ndipo bwana adachoka ndi mfuti yake, sikelo n'chitsulo chomwe. Antchito adabalalika, ambiri atanyamula zitupa zowatcha alendo m'dziko lomwe adalikhetsera thukuta. Mkuluyu adatsala ndi khoko limodzi lomwe adalipeza pansi pa thebulo.

Mfutiyo sadaiombepo ngakhale kamodzi, ndipo nyama yomwe ankalandira inali yam'kati ndi ziboda. Koma akafunsidwa chimene adapindula m'zaka zonsezo, sawerenga njati. Amagogoda khoko lija pachikhatho, kutsina fodya, n'kunena kuti mlamu wake adamwalira ndi ukalamba, pamphasa, ana atamuzungulira.