Ka + ndi ka - pa giya ya galimoto yapamwamba si maluwa ayi

Galimoto zija tinkangoziona ndi nduna ndi akuluakulu a makampani lero zafika pakhomo pa anthu a geni. Pitani ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mukapeza mayi wa kaunjika ali ndi Toyota Mark X, bambo wa hadiweya ali ndi Toyota Crown, wina Benzi yeniyeni. Zambiri n'zoyendapo kale ku Japan, zotsikira padoko la Dar es Salaam, ndipo pafupifupi zonse ndi za otomatiki. Kilatchi mulibe. Mwendo wamanzere umangokhala phee ngati mlendo pa milandu ya eni mudzi.

Tsono pambali pa ndodo ya giya pamakhala kanjira kena kolembedwa + ndi -, pena ndi chilembo cha S kapena M. Ndafunsapo eni galimoto angapo za ntchito yake. Wina anati n'za anyamata okonda mjaho. Wina anati osakhudzako, giyabokosi ingafe. Wachitatu anangoseka nati, "Aise, ndinagula otomatiki kuti ndipume, ndiye ndizilimbananso ndi magiya?"

Ine ndikuti ayi abale anga. Pa misewu ya kuno kwathu kanjira kameneka kangathe kupulumutsa moyo wanu, katundu wanu ndi mpamba womwe.

Tiyambe ndi komwe zinachokera. Giya yodzisintha yokha si yatsopano. Kampani ya General Motors ku America inayamba kuigulitsa mu galimoto za Oldsmobile za 1940, pa dzina loti Hydra-Matic. Kwa zaka zambiri dalaivala wofuna giya yotsika ankakokera ndodo pa 2 kapena pa L basi. Mu 1990 a Porsche a ku Germany anatulutsa Tiptronic pa galimoto yawo ya 911: giya ya otomatiki yomwe ukafuna umakankhira ndodo pambali, n'kumakweza kapena kutsitsa magiya wekha popanda kilatchi. Anzawo anatengera. A BMW anaitcha Steptronic, a Mercedes-Benz anati Touch Shift. Timakutu tija ta kuseri kwa chiwongolero tinachokera ku mjaho wa Formula One, komwe a Ferrari anayamba nato mu 1989, ndipo mu 1997 anatiika pa galimoto ya mumsewu ya F355.

Ndiye amene amati n'za mjaho sakunama kwenikweni. Koma mpeni wopangidwira kusenda nyama umasendanso chinangwa.

Giya ya otomatiki ili ndi kompyuta yake. Imaona liwiro la galimoto, imamva m'mene mwapondera moto, ndipo imasankha giya. Chimene imakonda n'kuthamangira giya yapamwamba kuti mafuta asamathe msanga. Pamsewu wosalala zimenezo n'zabwino. Koma kompyuta ya galimoto zakale zimene timagula ife ilibe maso. Siidziwa kuti kutsogoloku kuli mtsetse wautali wokhotakhota, kumbali kuli chiphompho. Wodziwa zimenezo ndi munthu amene wagwira chiwongolero.

Ndinazionera ndekha mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Azakhali anga amagulitsa mpunga ndi nyemba mu msika wina mu Blantyre muno. Atasunga ndalama zaka zingapo anagula Mark X, nalemba mnyamata woyendetsa. Tsikulo tinkapita ku maliro ku Nchalo. Tinalimo anthu asanu, kumbuyo thumba la ufa, nyemba ndi mapoto. Titayamba kutsika mapiri opita ku Chikwawa, mnyamata uja anasiya giya pa D, mwendo uli pa buleki osauchotsa. Tisanafike pa Thabwa tinayamba kumva fungo ngati wina akutentha matayala. Kenaka ndinaona mnyamata akupopa buleki, thukuta lili kamukamu.

"Iwe, n'chiyani?" anafunsa azakhali.

"Mayi, buleki ikulowa pansi," anatero ndi mawu onjenjemera.

Mwamwayi panali malo otambasuka pambali, ndipo galimoto inaima movutikira. Matayala akutsogolo ankafuka utsi. Bambo wina wachikulire woyendetsa lole anaima kudzationa. Anasuzumira m'kati, naloza ndodo ya giya.

"Mwana wanga, kanjira aka unakaona?"

"Ndinakaona bambo, koma anatiuza kuti otomatiki ndi D ndi R basi."

Bambo aja anapukusa mutu. "Phiri satsika ndi buleki. Phiri amatsika ndi giya. Giya imene ungakwerere phirili ndi yomweyo utsikire."

Anatiletsa kuthira madzi pa zitsulo zotenthazo, ati zingapindike. Tinadikira kuti zizizire zokha. Ponyamuka mnyamata anakankhira ndodo pa S, natsitsa mpaka pa 3, pamakona othina pa 2. Injini inalira mokweza pang'ono, galimoto n'kumatsika mwaulemu ngati nkhalamba yogwira ndodo. Ku maliro tinafika mochedwa, koma tinafika monga odzalira, osati odzaliridwa.

Nditabwerako ndinatenga pepala n'kukumbukira masamu a sayansi a ku sekondale. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene Chikwawa ali cha m'ma 100. Mark X payokha imalemera makilogalamu pafupifupi 1,500. Mukaikamo anthu asanu ndi katundu yayandikira matani awiri. Matani awiri akatsika mamita 900, mphamvu imene imatuluka ingathe kuwiritsa madzi okwana malita 50, ndowa ziwiri ndi theka zija za malita 20. Ina imadyedwa ndi mphepo ndi matayala, koma yambiri imayenera kupita kwinakwake. Mukasiya pa D n'kumangoponda buleki, moto wonsewo ukuthera pa timapadi tating'ono ngati chikhatho cha dzanja.

Mapadi akapsa kwambiri sagwiranso bwino. Choopsa china ndi mafuta a buleki. Pa kabotolo kake pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. A DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma mafuta amenewa amayamwa chinyezi, ndipo akakhalitsa angawire pa madigiri 155 okha. A DOT 3 ndi 205 ali atsopano, 140 akamwa chinyezi. Akawira mumapaipi mumadzaza mpweya, ndiye mukaponda buleki imangolowa pansi ngati mwaponda nsima yozizira. Nanga ndi angati mwa ife anasinthapo mafuta a buleki chigulireni galimoto?

Mukatsitsa giya, injini ndiyo imagwira galimoto. Matayala amakakamizika kuzunguza injini, ndipo injini imakaniza. Buleki mumangoiponda apo ndi apo, mwamphamvu pang'ono kenaka n'kuisiya kuti ipume. Misewu yofuna nzeru imeneyi tili nayo yambiri: wa ku Chikwawa uja, wotsikira ku Golomoti kuchokera ku Dedza, wa ku Chiweta pa M1 kumpoto, wotsika phiri la Zomba kuchokera ku Ku Chawe, osanenanso za Gorodi wa ku Livingstonia.

Pali bodza lina lofala pakati pa madalaivala, loti pamtsetse uziika pa N kuti upulumutse mafuta. Abale, kumeneko n'kudzikumbira manda. Pa N injini yasiyana ndi matayala, palibenso chogwira galimoto koma buleki yokha. Ndipo mafutawo simukupulumutsa. Injini za masiku ano, mukachotsa mwendo pamoto galimoto ikutsika ili mu giya, kompyuta imatseka mafuta chifukwa matayala ndiwo akuzunguza injini. Pa N injini imayenera kumwa mafuta kuti isazime.

Ntchito yachiwiri ya kanjira kaja ndi popitirira galimoto ina. Msewu wa M1 malo ambiri ndi kanjira kamodzi kopita, kamodzi kobwera. Muli kumbuyo kwa thiraki yaitali, mwaona mpata. Mukaponda moto muli pa D, giya imayamba yaganiza kaye, kenaka n'kutsika, kenaka galimoto n'kulumpha. Kamphindi kameneko n'kochepa, koma kutsogolo kukubwera basi. Mukatsitsiratu giya musanatuluke, mphamvu imakhala ili kale m'manja, ndipo nthawi yokhala mbali ya eni ake imachepa.

Yachitatu ndi pokwera chitunda mutasenza katundu. Mwina munamvapo galimoto ikusinthasintha magiya yokha, kukwera, kutsika, kukweranso, ngati wogula wosadziwa chimene akufuna. Kusinthasintha kumeneko kumatenthetsa mafuta a giyabokosi, ndipo giyabokosi ya galimoto zoterezi ikafa mtengo wake ungathe kumeza mpamba wonse. Igwireni pa giya imodzi mpaka chitunda chithe.

Pamatope a dzinja pali kabatani kena pa Crown ndi Mark X zambiri kolembedwa SNOW. Anakapangira chisanu choundana cha ku Japan, koma kamathandiza galimoto kunyamuka mofatsa kuti matayala asazungulire pamodzimodzi. Chisanu chotere ife tilibe, koma matope a Januwale tili nawo ochuluka.

Amene akuopa kupha giyabokosi asade nkhawa kwambiri. Mukafuna kutsitsa giya pa liwiro loti injini ingavulale, kompyuta imakana, pa Toyota imalira kabelu n'kusiya giya pomwe inali. Muchepetse liwiro ndi buleki kaye, kenaka tsitsani imodziimodzi. Dziwaninso kuti pa Toyota ndi Lexus zambiri, nambala ya pa S ndi malire chabe: mukaika pa 4 ndiye kuti galimoto izisintha yokha kuyambira 1 mpaka 4, osapyola apo. Ndipo ngati yanu ilibe + ndi -, yang'anani 3, 2 ndi L, kapena kabatani ka O/D. Ntchito yake pamtsetse ndi yomweyo.

Tsono ndisakunamizeni kuti muzingoseweretsa ndodo tsiku lonse. Pamzere wa galimoto mu Chipembere Highway nthawi yoweruka, siyani pa D. Kompyuta imasankha bwino kuposa inu ndi ine, ndipo kuyenda mtauni pa giya yotsika n'kungotentha petulo. Galimoto zatsopano zili ndi magiya ochuluka zedi. Lexus LS 460 inabwera ndi magiya 8 mu 2006, a Mercedes-Benz anafika pa 9 mu 2013, ndipo zambiri zoterezi zimatsitsa giya zokha zikamva kuti mukuponda buleki pamtsetse. Mwini galimoto wa ku Tokyo kapena ku Stuttgart angathe kuigulitsa asanakhudzeko kanjira kaja. Koma ikafika kuno yakalamba, mapadi ndi otchipa a pamsika, mafuta a buleki ndi omwe inabwera nawo pa sitima, katundu ndi wa banja lonse, ndipo msewu ndi wa ku Golomoti.

Inu amayi ndi abambo a geni, ambiri mwa inu simuyendetsa nokha. Mumalemba mnyamata, kapena mumachita hayala popita kukaoda katundu. Musachite manyazi kufunsa, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musanamupatse makiyi, mulozereni ka + ndi ka - mumufunse kuti n'za chiyani. Akayankha kuti n'zokongoletsera, mupezereni dalaivala wakale wa lole kapena makaniko wodziwa ntchito amuphunzitse, ayesere pa kamtsetse kakang'ono kopanda anthu. Mukamva fungo la kupsa muli pamtsetse, muuzeni aime pomwe pali malo, musadikire kuti mufike kaye kumunsi.

Galimotoyo munaigula ndi ndalama za tomato, za usipa, za mabelo a kaunjika, kudzuka m'mamawa zaka ndi zaka. Kanjira kaja munakalipira kale pamtengo womwewo. Kagwiritseni ntchito.