Golide wa Kaisara pa Chileka? Dikirani kaye

Mlamu wanga wogulitsa tomato pamsika wa Chileka adandiitanitsa mwachangu. "Alamu, bwerani mudzaone chuma!"

Ndidampeza atamanga kanthu pansonga ya chitenje. Mnyamata wina wa jekete adamugulitsa ndalama yonyezimira, ati ndi golide wa mafumu a Aroma, azungu otsika ndege pa Chileka amaulimbirana. Theka la mpamba linali litapita kale, lotsalalo adzatenga Loweruka. Pandalamapo panali mutu wa munthu ndi mawu akuti IMPERATOR. Kuseri kwake kunali kopalidwa ndi tupa.

Mtima udakana. Ndidakumbukira malume anga a ku Lirangwe amene amasunga ndalama zakale m'chitini. Tidakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kusintha yolowera ku Lunzu. Kondakitala adatipanikiza anayianayi, nkhuku pamiyendo, inu mukudziwa.

Pa Lirangwe dzuwa linali likuswa mtengo. Malume adatiyalira mphasa pansi pa mango n'kukhuthula chitini chawo. Munali makobiri oboola pakati a nthawi ya Chitaganya, aja a njovu ziwiri, ndi masheleni a 1964 a mutu wa Kamuzu, amene adalowedwa m'malo ndi Kwacha mu 1971. Atayang'ana ya mlamu adaseka mpaka kutsokomola.

"Iyi ndi peni ya ku Joni, mwanawe. Tinkabwera nazo pochokera ku Wenela."

Adatulutsa inzake, yakuda ndi ukalamba koma yosapalidwa. Mutu womwewo, GEORGIVS VI REX IMPERATOR, mawu a Chilatini amene ankalembedwa pa ndalama za South Africa kuyambira 1937 mpaka 1947. Kuseri kuli sitima yapamadzi ndi chaka. N'chifukwa chake tsinzinantole uja adapalako.

Golide weniweni wa Aroma, wotchedwa aureus, ndi kandalama kakang'ono, pafupifupi masentimita 2 m'mimba mwake, koma kolemera magalamu ngati 8 pa nthawi ya Kaisara Augustus. Ankachita kukasula ndi nyundo, choncho sikozungulira bwinobwino ngati za makina, ndiponso sikada ngakhale kakhale m'nthaka zaka 2,000. Ya mlamuyo inali chimbale cha masentimita 3, mkuwa wopukutidwa, ndipo m'mizere ya tsitsi la mfumuyo munali mutayamba kale kuda.

Pobwerera mlamu sadayankhule mpaka pa Lunzu. Loweruka adakhala pabenchi ndi amayi anzake anayi, peni ili m'manja, kudikira wa jekete. Mpaka msika udaweruka.