Ku Angónia chitini sichitayidwa

Munthu wochokera ku Tete akakwera chapa kulowera ku Ulongue amanyamuka thukuta lili kamukamu, koma akayenda makilomita oposa 200 n'kukwera mtunda wa Angónia amayamba kufunafuna juzi m'chikwama. Kuno n'kumapiri. Mphepo ya mwezi wa Juni imalowa mpaka m'mafupa, minda ya kachewere, nyemba ndi chimanga ndi yoyalana kukafika kuphiri la Domwe, ndipo malire ndi dziko la Malawi ali pafupi moti tambala akalira ku Calomue, a ku Dedza nawonso amadzuka.

Dera lotere limakhala ndi misika yosangalatsa. Ulipo wa pa Ulongue, ulipo wa pa Calomue, komanso wa pa Lizulu, pamene msewu waukulu wa ku Malawi wayenda m'malire enieni, kotero kuti munthu akhoza kugula tomato m'dziko lina n'kukamwa tiyi m'dziko lina asanayende mapazi makumi awiri. Mlendo maso ake amathamangira matumba a mbatata ndi milu ya kabichi. Koma akaweramitsa mutu n'kuyang'ana m'mphepete, pamene matebulo athera, apeza msika wina woyalidwa pansi, pa masaka akale a feteleza. Eni ake ndi ana.

Mwana sayamba ndi mpamba, amayamba ndi miyendo. Kalasi yoyamba ya sukulu imeneyi ndi mabotolo. Anyamata a zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi amazungulira pamene magalimoto amaima, kutola mabotolo a Frozy ndi a madzi amene apaulendo ataya. Amakawatsuka kumjigo, kuthiramo timchenga n'kukhutchumula mpaka awale, kenaka n'kupita nawo kwa amayi ogulitsa thobwa ndi kwa oyeza mafuta ophikira. Phunziro limabwera tsiku lomwelo. Botolo lopanda chitsekero mtengo wake ndi wotsika, lophwanyika m'mbali salifuna, ndipo amayi amene wawanamiza kamodzi mawa amakuyang'ana ngati sakukudziwa. Ndiponso mwana amazindikira msanga kuti akadyera mandasi ndalama yonse ya lero, mawa adzayambanso kutola. Koma akasungako, sabata yamawa akhala wogula mabotolo kwa anzake aang'ono, iye n'kumangoonjezerapo pang'ono.

Amene apeza kampamba amasunthira ku kaunjika. Kuno zovalazi ambiri amazitchula kuti kalamidade, ndipo dzinali lili ndi mbiri yake: m'zaka za m'ma 1980, pa nthawi ya nkhondo ndi chilala, zovala zothandizira ovutika zinkagawidwa kudzera m'nthambi ya boma yotchedwa Departamento de Prevenção e Combate às Calamidades Naturais. Thandizo lija linatha, dzina linatsala, ndipo lero kalamidade ndi malonda ngati ena onse. Mwini belo akadula mawaya, oyamba kusankha ndi akuluakulu a ndalama zawo. Ana amadikira. Dzuwa likapendeka pamatsala mulu wa zokanidwa: shati yopanda mabatani, buluku long'ambika m'mawondo, siketi ya zipi yakufa, juzi lobooka pachigongono. Mwini belo safuna kubwerera nazo kunyumba, ndiye amazigulitsa motaya.

Apa mpamene pali luso lenileni, ndipo atsikana ndi amene amapambana. Shati ija amaisokerera mabatani ochotsa ku ina yosachiritsika. Buluku amapita nalo kwa telala wa pakhonde la sitolo kuti alidule likhale kabudula, nsalu yotsalayo n'kukhala chigamba kapena kachikwama. Juzi lobooka amalimasula lonse, ulusi wake n'kulukira zipewa ndi timasokosi ta makanda, zomwe kuno kozizira sizichedwa pamsika. Akachapa ndi kusita ndi simbi ya makala, chovala chija chimabwerera pamsika womwewo chili ndi nkhope ina. "Tayimani amayi, taonani kokha, kuona n'kwaulere!" Amayi akanenerera kwambiri, mwana amadziwa pomwe ayenera kulekezera, chifukwa m'mutu mwake wawerengera kale ya telala, ya sopo ndi ya makala. Wodziwa ntchito amatsitsako pang'ono kapena kuikapo basela, kuti kasitomala adzabwerenso. Akuluakulu ambiri a m'maofesi sakwanitsa masamu oterewa popanda cholembera.

Ndiye pali nkhani ya ndalama ziwiri. Mwana wa m'malire amalandira metikali ndi dzanja ili, kwacha ndi dzanja linalo, ndipo ayenera kubweza chenji mosadzibera yekha. Mtengo wosinthira sukhala pamodzi. Mu Novembala 2023, pamene Malawi anatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, aliyense amene anagona ndi makwacha m'chitini anadzuka ali wosaukirapo, mwana ndi wamkulu yemwe. Agogo awo amakumbukiranso chaka cha 2006, pamene metikali yatsopano inabwera, 1,000 yakale n'kusanduka imodzi, anthu n'kumasokonezeka powerenga. N'chifukwa chake mwana wochenjera asanayale saka lake amayamba wadutsa kwa osintha ndalama kukamva kuti lero zili bwanji.

Luso limeneli silinagwe kumwamba. Pa nthawi ya nkhondo midzi yambiri ya Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja, anthu atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika mu 1992 Malawi anali kusunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Kumeneko munthu analibe munda wokwanira ngakhale sitolo yomukongoza, koma zitini za mafuta ophikira a thandizo zinalipo. Zitinizo zinasanduka makapu, mafanelo, zoyezera ufa ndi nyali za koloboyi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwawo atasenza ana, mbuzi ndi nzeru zimenezi. Ana a nthawi imeneyo ndiwo okhoma zidebe a lero, amene amakhala kuseri kwa msika ndi nyundo ndi kachidutswa ka njanji, atazunguliridwa ndi anyamata ogwirizira malata.

Koloboyi yekha masiku ake apita. Tochi zotchipa ndi timagetsi ta sola zinamulanda msika, ndipo palafini sagulidwanso ngati kale. Anyamata sanalire maliro nthawi yaitali. Tsopano amagula tochi ziwiri zakufa n'kupanga imodzi yamoyo. Tayala lotha amalidula nsapato, chubu chake n'kuchilenga timizere ta mphira tomangira katundu panjinga, ndipo wa kabaza aliyense amatifuna. Malata akale amakhala mbaula kapena kheni yothirira m'dimba. Aang'ono kwambiri akadali pa galimoto za mawaya za mateyala a zitsekero, ndi mpira wa majumbo, umene kale mwana aliyense ankadzimangira yekha koma lero wapeza ougula.

Komabe si zonse zokoma pamsikapa, ndipo makolo ayenera kutsegula maso. Alimi a tomato, kachewere ndi fodya amagwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo, ndipo mabotolo ake ena ndi okongola, olimba, a chitsekero chabwino. Mwana akalipeza m'mphepete mwa dimba amaona ndalama. Botolo lotere ngakhale litatsukidwa kangati siliyenera kulowamo thobwa, mafuta, mkaka kapena madzi akumwa, pakuti poizoni amakakamira m'pulasitiki. Mlimi akamaliza mankhwala alitsukuluze katatu, madziwo athire m'pampu yopopera, kenaka aliboole kuti lisagwirenso ntchito, ndipo amayi ogula mabotolo azinunkhiza ndi kuyang'ana chizindikiro asanapereke ndalama. Chimodzimodzinso mabatire akale: amene amawaswa ndi manja kapena kuwaotcha akusewera ndi matenda.

Vuto lina ndi la sukulu. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 linati mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi yoyamba kufikira yachisanu ndi chinayi. Popeza sukulu zambiri zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa ena masana, mwana akhoza kuchita zonse ziwiri, ndipo alipo amene makope, zolembera ndi yunifomu amagula ndi ndalama ya mabotolo. Koma ndalama ndi yokoma. Tsiku la msika mabenchi ena amakhala opanda anthu, ndipo mwana amene wazolowera kulira kwa makobidi m'thumba amayamba kuona mphunzitsi ngati womuchedwetsa. Kholo limene limalandira ndalama ya mwana madzulo osafunsa kuti kope lili kuti, nalonso lili ndi mlandu. Mnyamata wosadziwa kuwerenga adzakhoma zidebe bwino lomwe, koma tsiku lodzalemba ngongole za makasitomala kapena kuwerenga chikalata cha pachipata cha malire adzafuna womuwerengera, ndipo womuwerengerayo adzadya nawo.

Dzuwa likafika pamutu, gulu la m'mawa limatuluka m'kalasi n'kuthamangira kumsika, la masana n'kupinda masaka ake. Ena amasiyira mng'ono wawo katundu atamuwerengera chimodzichimodzi, ena amakasungitsa kwa telala uja. Belu lowaitana limamveka kutali, ndipo m'sukulu zambiri za kumidzi belulo ndi chitsulo cha gudumu la galimoto yakufa, chopachikidwa pamtengo ndi waya.