KU FEIRA, KUMENE LUANGWA ATHIRA M'ZAMBEZI

Munthu wocokera ku Chipata amene afuna kukaona Feira ayenera kulawira tambala woyamba. Msewu wa Great East umpititsa pa Katete, Sinda ndi Nyimba, nakwera mapiri a ku Kacholola, kufikira atatsikira pa ulalo waukulu wa Luangwa umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Tsidya lace, pamene amai agulitsa nsomba zouma ndi madengu, mpamene apatukira kumanzere. Patsala mtunda wa makilomita pafupifupi 90, kutsata mtsinje ndi kupitirira cipatala ca mishoni ca Katondwe.

Dziko lace ndi lotentha koopsa, pakuti m'Zambia monse mulibe malo ena otsika kuposa cigwa cimeneci. Cimanga sicicita bwino kawiri-kawiri, ndipo cimene capulumuka ku dzuwa cimalindiridwa usiku cifukwa ca njobvu. Koma milambe ndi masau nzosawerengeka, ndipo mtsinje udyetsa mabanja ambiri, ngakhale kuti mkazi wopita kukatunga madzi sayiwala za ng'ona.

Boma leni-leni, limene lero lichedwa Luangwa, ndi laling'ono. Ulemerero wace uli pa doko. Woimirira pamenepo aona maiko atatu ndi maso ace: patsidya pa Luangwa pali Zumbo wa m'Mozambique, patsidya pa Zambezi pali Kanyemba wa m'Zimbabwe, ndipo mabwato angowoloka uku ndi uku monga anthu opita kukapala moto kwa mnansi.

Dzina lakuti Feira m'Cipwitikizi litanthauza msika. Apwitikizi anakhazikika ku Zumbo zaka za m'ma 1700, nagula minyanga ya njobvu, golidi, ndiponso anthu. Zimenezi siziyenera kubisika: ambiri amene anatsika ndi mtsinje umenewu atamangidwa m'magoli sanaonenso kwao. Pamene David Livingstone anafika pano mu Januwale 1856 anapeza mabwinja okha-okha, nyumba zamiyala zitagumuka, ndi belu losweka la chalichi litagona m'maudzu. Pambuyo pace malonda a ukapolo anabukanso m'manja mwa akulu a Acikunda, Kanyemba ndi Matakenya, amene maina ao anali kuthawitsa midzi yathunthu. M'caka ca 1887 kunabwera Mzungu wina, John Harrison Clark, amene anthu anamucha Changa-Changa. Iyeyu anasonkhanitsa asilikari ace-ace, nayamba kulamulira ndi kukhometsa msonkho ngati mfumu.

Koma kwa mwana wa kwa Mpezeni nkhani yoposa zonsezi ndi ya mu Novembala 1835. Kufupi ndi malo ano mpamene Zwangendaba anawolotsa Angoni pa Zambezi pocokera kum'mwera, ndipo tsiku lomwelo dzuwa linada usana, mdima nugwa pa madzi. Kadamsana ameneyo ndiye acititsa kuti caka ca kuwolokako cidziwike bwino lomwe, cinthu cosowa m'mbiri ya makolo. Anthu zikwi-zikwi amasonkhana ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale kukabvina ngoma pa N'cwala, koma ndi owerengeka amene anapondapo pa gombe limene makolo ao anatulukira. Woliona m'lifupi mwace mtsinjewo, nakumbukira kuti panali ana, nkhalamba ndi ng'ombe, amangogwira pakamwa.

Cigwaci cinalawanso nkhondo masiku a ufulu. Mu Malichi 1978 ndege ndi asilikari a boma la Ian Smith anaukira Kavalamanja, kumtunda kwa Zambezi, kumene kunali msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe. Anthu anafa, ena a iwo nzika za dziko lino, ndipo midzi inabalalika.

Wofuna kupitako asankhe miyezi ya Juni ndi Julai, pamene kutentha kwaceperako ndipo masau apsa. Atenge citupa cace ngati afuna kuwolokera ku Zumbo, ndipo asasambe pa doko ngakhale thukuta litamcuruka cotani, asanafunse eni ace a mudzi.