Anankafumbwe a m'nkhokwe mwathu

Pokonzekera pologalamu ya mwambo wa Kulamba, umene umacitika ku Mkaika m'boma la Katete mu Ogasiti, tinakhala masabata awiri tikufunsa akuluakulu ndi kuwerenga mbiri ya Amaravi. Tinkafuna kuyankha funso limene omvera athu amafunsa kawirikawiri: ufumu waukulu cotere unatha bwanji?

Yankho tinali nalo kale m'mutu. Apwitikizi ofuna golide, Acikunda ndi mfuti zawo, amalonda ogula akapolo, kenaka Angoni amene anawoloka Zambezi mu 1835. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe angacepetse masautso amene makolo athu anaona. Koma m'mene tinkafufuza, tinapeza kuti alendowa anapeza mpanda utayamba kale kugwa.

Akuluakulu amasimba kuti Undi anacoka ku Mankhamba kupita ku Mano cifukwa ca mkangano wa ufumu. Mu 1622 mfumu Muzura inagonjetsa Lundu, Mmaravi mnzake, mothandizidwa ndi Apwitikizi. Pambuyo pake, m'dziko la Undi, mafumu ang'onoang'ono anayamba kugulitsa okha minyanga ya njovu kwa amalonda, osaperekanso mnyanga wogwera pansi kwa mwini dziko monga mwa mwambo. Ena anafika pogulitsa anthu awo omwe kuti apeze nsalu ndi wonga. Pamene adani amphamvu anafika, aliyense anali kale payekha.

Titajambula pologalamuyo, m'situdiyo munagwa zii. Tonse tinadziwa cimene mnzathu akuganiza, koma panalibe wofuna kuyamba kucinena.

Pa wailesi yathu tinalipo anthu asanu odzipereka oyendetsa pologalamu ya ulimi. Malipiro kunalibe, kupatula ndalama ya thiransipoti ikapezeka. Kenaka kunabwera mtsikana wina wocokera kumudzi, wamng'ono kwa ife tonse. Ankadziwa kulankhula ndi alimi kuposa ife amene tili ndi mapepala a kukoleji. Pasanathe miyezi itatu, oimba foni anayamba kumufunsa ndi dzina. Wogulitsa mbewu wina m'tauni anavomera kulipirira pologalamuyo cifukwa ca iye.

Pamaso pake tinkamuyamikira. Kumbali tinkacita zina. Nthawi ya msonkhano ikasintha, tinkaiwala dala kumuuza. Akafuna rekoda kuti apite kumidzi, mabatire ankakhala atatha. Mmodzi wa ife ananong'oneza kuti mtsikana sakwera msanga conco popanda womukankha kumbuyo, ndipo enafe tinaseka. Bodzalo linayenda mpaka kukafika kwa amalume ake. Tsiku lina sanabwerenso.

Patapita miyezi yocepa wogulitsa mbewu uja anasiya kulipira, mafoni anacepa, ndipo pologalamu inacotsedwa Loweruka madzulo n'kuikidwa nthawi imene alimi amakhala kumunda. Otifunsa tinkawauza kuti vuto ndi kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba. Tinkatinso acinyamata anathawira ku Facebook. Sitinali kunama, koma mawailesi ena anakumana ndi mdima womwewo ndipo mapologalamu awo alipobe.

Aliyense wosunga cimanga amadziwa kuti mbala ikaba m'nkhokwe mudzi wonse umamva, koma anankafumbwe amadya mwakacetecete mpaka mwini nkhokwe apeze ufa wokhawokha mu Disembala. Nsanje yathu inadya conco. Sitinamutukwane, sitinamuthamangitse. Tinangolephera kupirira kumva mnzathu akuchulidwa bwino, ndipo aliyense ankadziuza mumtima kuti cimene wacita n'cacing'ono.

Sitikunena kuti maufumu amagwa ndi kaduka kokha. Mfuti ndi mfuti, cilala ndi cilala. Koma tikuganiza kuti mfumu yaing'ono imene inabisa mnyanga woyamba sinadzione ngati yogwetsa dziko. Mwina inangoti, nanga bwanji zabwino zonse zipite kwa uja? Funso lomwelo tinalifunsa ife pa nkhani ya maikolofoni ndi ndalama ya thiransipoti. Timalimvanso m'makalabu a feteleza, m'makwaya ndi m'makomiti a mijigo, ndipo likalowa, pakapita caka mumapeza buku la maina lokha.

Mwezi wathawu tinapita kwawo atatu mwa ife. Tinamupeza akusanja tomato woti akagulitse. Tinapepesa pamaso pa amalume ake, ndipo amene anayambitsa bodza lija analivomera ndi pakamwa pake. Amalumewo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ana inu, mwacita bwino kubwera, koma dzina la mwanayu munaliipitsira pagulu, osati pano pakhonde."

Iye mwini sanatilonjeze kanthu. Anati aganize. Mpando wake m'situdiyo ulipo, ndipo Loweruka likubwerali tagwirizana kuti tinene pa wailesi, osachula dzina lake, zimene tinanena pakhondepo.