Ganyu wa Mwezi wa Januwale

Ine ndine mlangizi wa zamalimidwe. Ambiri a inu mundidziwa, pakuti ndimadutsa m'minda mwanu pa njinga, ndipo kawirikawiri ndimabwera ndi mawu okudzudzulani. Lero ndiyamba ndi kudzidzudzula ndekha.

Chaka changa chachiwiri pa ntchito ino, pakati pa mwezi wa Januwale, ndinafika pa munda wa mayi wina wamasiye. Chimanga chinali chofika m'mawondo, koma chachikasu ndi chonyozoloka, ndipo chisoso ndi khovani zinali zitatseka mizere yonse. Ndinapsa mtima, chifukwa ndine ndemwe ndinathandiza kuti dzina la mayiwo lilembedwe pa feteleza wotsika mtengo. Kunyumba kwawo ndinapeza ana okhaokha. Ndinauza wamkulu kuti, "Amayi ako akabwera uwauze kuti kunafika alangizi, ndipo akuti feteleza uja angodyetsa udzu." Pobwerera ndinali kunena mumtima mwanga kuti anthu ena umphawi amachita kuuitana ndi ulesi.

Loweruka lake ndinapita ku munda wanga, kumene akazi anga anali atalemba aganyu anayi opalira. Pa ndime ya kumapeto ndinaona mayi atawerama ndi khasu, mwana ali kumsana. Ataweramuka ndinawazindikira: anali mayi omwe aja. Sanandikwiyire. Anandipatsa moni mwaulemu, nati, "Alangizi, uthenga wanu unandipeza. N'zoona, munda wanga uli m'tchire. Koma ufa kwathu unatha m'Novembala. Ndikati lero ndipalire kwathu, madzulo ano ana adya chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Munda wanga unali kuyera ndi khasu la munthu amene ndinamutcha waulesi.

Chimene chinandichititsa manyazi koposa n'chakuti zimenezi ndinayenera kuzidziwa kale. Mukumbukira njala ya 2002, chaka chimene mtsogoleri wa dziko, a Bakili Muluzi, analengeza m'Febuluwale kuti m'Malawi mwagwa ngozi ya njala. Ine ndinali mu Sitandade 4. Amayi anga anali kudzuka nkhuku zisanalire, nayenda ndi anzawo kunka ku Mozambique kukapalira minda ya eni. Ankabwera patapita masiku awiri kapena atatu ndi kathumba ka madeya pamutu. Ndi madeya amenewo tinapulumuka. Koma munda wathu sunaone khasu mwezi wonsewo, ndipo pokolola sitinadzaze ngakhale theka la nkhokwe. Chaka chotsatira amayi anapitanso. Amayi anga sanali aulesi. Sukulu ndi malipiro a pamwezi ndi zimene zinandiiwalitsa.

Tsono tiyeni tiwerenge za ntchito kwathu kuno. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Dedza munali anthu oposa 800,000, ndipo m'dziko lonse anthu 84 mwa 100 alionse anali kukhala kumidzi. Kodi m'mudzi mwanu olandira malipiro pakutha pa mwezi alipo angati? Mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, mlonda wa pa sitolo, kapena ine. Zala za dzanja limodzi zikwana. Ena onse ndalama zibwera mwa apo ndi apo: uyu apalasa kabaza, uyu aumba njerwa m'chilimwe, uyo agulitsa tomato ndi mbatatesi pa Chimbiya, winayo akazinga zitumbuwa. Agogo athu anali kupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, koma njira imeneyo inatsekedwa mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown, ndipo ngakhale inatsekukanso pambuyo pake, inatheratu mu 1988. Anyamata a lero akwerabe mabasi odutsa pa chipata cha Dedza kunka ku Johannesburg, koma ambiri apita opanda pangano la ntchito. Ena atumiza ndalama, ena angoti zii.

Chotero ntchito imene itsalira anthu ambiri ndi ganyu. Kafukufuku wa Boma wa 2019 ndi 2020 anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse a kumidzi, pafupifupi 57 anali osauka. Ine amene ndimayenda m'minda ndaona khomo limodzi limene umphawi umenewu ulowera, ndipo ndilo ndifuna kukuonetsani.

Munthu wosauka chuma chake ndi masiku ake ndi mphamvu za m'manja mwake. Koma masiku sali ofanana mtengo. Tsiku la mu Ogasiti mukhoza kulipereka kwa wina, munda wanu osadandaula. Tsiku la kumapeto kwa Disembala ndi la mu Januwale ndi lina. Chimanga chikamera, masabata asanu ndi limodzi oyamba ndiwo aweruza chaka chonse. Udzu ukula msanga kuposa chimanga; ulanda feteleza, ulanda madzi, utchinga dzuwa. Chimanga chimene chapinimbira pa msinkhu umenewo sichibwereranso, ngakhale mudzapalire bwino m'Febuluwale. N'chifukwa chake timati kupalira koyamba kuchitike pasanathe masabata atatu chimanga chitamera, feteleza wobereketsa agwere m'munda woyera, kenaka kubandira.

Taonani tsono chimene chichitika. Nthawi yomweyo ndiyo ufa watha m'nyumba zambiri. Ofuna ganyu achuluka, olemba achepa, ndipo malipiro atsika. Chimanga pa msika ndiye chafika pa mtengo wa pamwamba. Munthu agulitsa masiku ake a mtengo wapatali pa mtengo wolira, nagula chakudya pa mtengo wokwera. Munda wa mwini uyera, wake ulowa m'tchire. Akolola zochepa, nkhokwe itha msanga kuposa chaka chatha, ndipo ganyu wa chaka chamawa ayambanso msanga. Amene anayamba ganyu m'Januwale, chaka china ayamba m'Disembala, chaka chinanso m'Okutobala. Si mfiti, si tsoka la mtundu wanu, si ulesi. Ndi chingwe chimene chimanga mwendo pang'onopang'ono.

Sindikunena kuti zonse zili m'manja mwanu. Minda yachepa chifukwa tabadwa ambiri. Kwacha inatsika mphamvu ndi 44 pa 100 m'Novembala 2023, ndipo mtengo wa feteleza unakwera kotero kuti ambiri sanaufikire. Mu 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo Boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mtukula Pakhomo, umene unayamba ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse, unakonzedwera mabanja ochepa okha, amene ali osaukitsitsa ndi opanda wowagwirira ntchito. Zimenezo n'zazikulu, ndipo mlimi mmodzi sangazisinthe. Koma pali zina zimene banja lingachite, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Choyamba, werengani. Tsiku limene mwatha kutonola, khalani pansi bambo ndi mayi, muwerenge matumba. Tinene kuti banja lanu lidya thumba limodzi ndi theka pa mwezi. Pa chaka ndiye kuti mufuna matumba 18. Ngati mwakolola 10 m'Meyi, chakudya chitha m'Novembala. Mukagulitsako awiri kwa mavenda, chitha kumayambiriro kwa Okutobala. Ambiri safuna kuwerenga chifukwa chiwerengero chiwawa. Koma njala yoidziwa m'Meyi isiyana ndi njala yokudzidzimutsani m'Disembala. Chotsalacho chiumitseni bwino, muchisunge m'matumba osalowa mpweya kapena muthire mankhwala, kuti anankafumbwe asadye nanu.

Chachiwiri, ngati mwaona kuti ganyu simumuthawa, mugwireni m'chilimwe. Kusosa, kugalauza mizere, kuumba njerwa, kuthirira m'madimba a eni, kukumba mbatatesi: zonsezi zipezeka munda wanu usanayambe kukufunani. Ndalama zake mugule chimanga m'Juni ndi m'Julayi, chikali chotsika mtengo, muchibise ngati cha m'Januwale. Inu a banki mkhonde amene mugawana ndalama kumapeto kwa chaka, musalole kuti zonse zithere pa Khirisimasi. Chitenje chatsopano n'chabwino, koma thumba limodzi la chimanga likugulirani masabata a kupalira m'munda mwanu.

Chachitatu, bzalani zimene zicha pa nthawi ya njala. Nyemba za m'mizere ya chimanga ndi maungu zimatitola chimanga chisanakhwime. Mbatata ya kholowa ipereka ndiwo ikali kukula, ndipo sifuna feteleza wa ku sitolo. Amene muli ndi kadimba m'mbali mwa mtsinje kapena m'dambo, chimanga chobzala kumayambiriro kwa Sepitembala chikupatsani mondokwa pamene anzanu ayamba kusesa nkhokwe. Soya ndi mtedza ndizo mugulitse, kuti chimanga chisatuluke pakhomo.

Chachinayi, njala ikafikabe m'Januwale, musachoke nonse. Wina apite ku ganyu, wina atsale m'munda. Ngati muli nokha, m'mawa woyamba ukhale wanu: palirani mizere isanu kapena khumi kwanu, kenaka muzipita. Ndipo ngati mphamvu ndi feteleza sizikwana munda wonse, sankhani chigawo chimodzi, makamaka cha pafupi ndi nyumba, muchisamale mokwanira. Theka la ekala lopaliridwa pa nthawi yake liposa ekala yonse yomizidwa ndi udzu.

Chachisanu, makolo athu anali ndi dima. Anthu anali kulimizana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Mowa sufunika kuti mwambo umenewu ubwerere. Mabanja anayi kapena asanu akagwirizana, munda umene munthu mmodzi akadatha sabata yathunthu utha tsiku limodzi kapena awiri. Mutu umodzi susenza denga.

Zinthu ziwiri ndikupemphani kuti muzipewe ngakhale zitavuta. Musatenge katapila wodzabweza ndi chimanga chikali m'munda, pakuti kumeneko ndi kukolola musanakolole. Ndipo musachotse mwana m'kalasi kuti akapalire kwa eni. Ine amene ndikulemba pano, amayi anga akadanditenga ku Mozambique chaka chija, bwenzi lero ndili pa ndime.

Tsopano ndilankhule ndi inu olemba aganyu, ndipo ndili m'gulu lanu. Kulemba ganyu si tchimo. Popanda inu ena akadagona ndi njala. Koma dziwani kuti amene wawerama m'munda mwanu wasiya wake. Musatalikitse ndime chifukwa mwaona kuti munthuyo sangakane. Mbale yoyezera ufa ikhale yomwe mumayezera pogula. Lipirani tsiku lomwelo, musanene kuti abwere mawa, chifukwa mawa limenelo ndi tsiku lina lochotsedwa m'munda mwake. Ngati mungathe, dulani ndime yoti itha dzuwa lisanafike pamutu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Matenda a mwezi umodzi okha akwana kusandutsa wolemba ganyu kukhala wofuna ganyu.

Mwina mufunsa za mayi aja. Tsiku lomwelo ndinawapepesa, ndipo ine ndi akazi anga tinawalipira ndime yonse ali pakati, kuti akaone kwawo. Chaka chimenecho chimanga chawo sichinachire, tinachedwa. Chaka chotsatira anagwirizana ndi amayi ena anayi a mu mpingo mwawo kupalira mosinthana, ndipo anabzala nyemba ndi mbatata. Sanalemere ayi. Ganyu amapitabe. Koma ufa umene unali kutha m'Novembala unafika m'Januwale, ndipo pofika nthawiyo munda wawo unali utapaliridwa kale. Miyezi iwiri imeneyo ioneka yaing'ono kwa munthu wa pa malipiro, koma inu mudziwa kukula kwake.

Kuyambira tsiku lija, ndikafika pa munda wa udzu sindiyamba ndi kukalipa. Ndiyamba ndi kufunsa kuti, "Kodi ufa ulipo m'nyumba?" Nanunso mafumu ndi a m'makomiti a m'midzi, mukaona munda wa mnzanu uli m'tchire, funsani funso lomweli musanamuseke. Ndipo inu amene mukuona kuti chakudya chanu sichifika, musadikire Januwale. Bwerani kwa mlangizi wa m'dera lanu mukangotha kukolola, tikhale pansi tiwerengere limodzi.

Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zamalimidwe, Linthipe